Bulangete pa Boneti

Galimoto ija ndinaigula ili pa njerwa, kuseri kwa galaja ina ku Limbe. Matayala inalibe, mipando makoswe anali atachitapo phwando, galasi la kumbuyo linali pepala la pulasitiki. Koma nditakweza boneti ndinaona tabo, kachipangizo kopindika ngati nkhono kamene kamakankhira mpweya wochuluka mu injini, ndipo mtima wanga unadumpha. Ine ndine makanika wa mufakitale ya tiyi. Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza makina a eni ake, oima malo amodzi. Ndinkafuna changachanga, choyenda.

Inabwera pa lole ya mnzanga imene inkabwerera yopanda katundu. Akazi anga anaizungulira kamodzi, manja ali m'chiuno.

"Abambo, khola la nkhuku labwino chonchi mwalipeza kuti?"

Tinaseka tonse, kenaka anandilozera pansi pa mtengo wa mapeyala kuti ndiiike pamenepo. Kuloza n'kwawo chifukwa malo ndi awo. Ine ndine mkamwini, ndinabwera pamudzi pano, kufupi ndi Chonde, ndi bulangete limodzi ndi bokosi la masipanala. Ndipo pali china choti mudziwe. Ine ndinali chidakwa, osati chamasewera ayi. Kachasu ndinamumwa mpaka a kabaza onse ankadziwa kulemera kwanga. Tsiku limene ndinasiya, akazi anga sanakuwe, anangoti, "Mukadzalawanso, mudzapeza bulangete lanu lili panja. Sindidzanena kawiri." Kwathu kuno mkamwini akapeza bulangete lake panja safunsa mafunso, amanyamula n'kumapita kwawo. Pamene galimoto inkafika n'kuti patapita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanalawe dontho, ndipo ndikudziwa kuti anaivomera chifukwa manja a munthu wosiya mowa sayenera kukhala chabe Loweruka masana.

Zaka ziwiri ndinathera pansi pa mpeyala uja. Ndinamasula injini yonse, ndinalumikiza mawaya amene makoswe anaduladula, ndinasoketsa mpando wa dalaivala kwa telala. Mpando winawo ndinati udikire, ngakhale sipuling'i imodzi inkatuluka n'kumabaya aliyense wokhalapo. Tsiku limene injini inalira koyamba nkhuku zinabalalika mudzi wonse, kupatula thadzi limodzi louma mutu limene linali litasankha kale mpando wa kumbuyo kukhala poikira mazira.

Koma walira mvula walira matope. Tabo imapanikiza mpweya, ndipo mpweya wopanikizidwa umatentha. Mu Okutobala, dzuwa la kuno likakwiya, ndinkangoyamba chikweza cha msewu wopita ku minda ya tiyi ya kumtunda, injini n'kuyamba kulira ngati wina akugwedeza misomali m'chitini. Makanika aliyense amakudziwa kulira kumeneko: petulo akuphulika nthawi yake isanakwane, ndipo mapeto ake ndi pisitoni yobooka. Ndinkachotsa phazi n'kumakwera ngati ndanyamula maliro. Tsiku lina wa kabaza anandipitirira pa chikweza pomwepo akuliza belu, kasitomala wake akundibayibitsa. Zinandiwawa, sindinama.

Mankhwala ake ndinawapeza pa foni. Anthu akunja amapopera madzi osakaniza ndi methanolo, mtundu wa mowa wa m'mafakitale wosamwedwa, mu mpweya wolowa mu injini. Poyamba ndinati amisala awa! Kuyambira ndili wophunzira ndinauzidwa kuti madzi akalowa mu injini, yatha imeneyo. Koma nditaonetsetsa ndinamvetsa kuti sathira, amapopera nkhungu yopyapyala. Madzi amaziziritsa mpweya, methanolo amaletsa petulo kuphulika mopupuluma. Msuweni wanga woyendetsa mathiraki a ku Joni anandibweretsera zipangizo zake mu katoni: kathanki, pampu, paipi yopyapyala ngati chingwe cha nsapato, kavavu, swichi yomva mphamvu ya tabo, ndi kamlomo kopopera kamene amakanika timati nozo.

Loweruka lotsatira ndinasangalala ngati mwana wa sukulu tsiku lotsekera. Ndinamasula paipi yaikulu yopititsa mpweya ku injini, ndinaiboola ili pa benchi, n'kuitsuka kawiri, chifukwa kachitsulo kamodzi kotsalira mkati kangathe kudya ntchito ya zaka ziwiri. Ndinadula mazinga ngati a bawuti m'bowomo n'kumangamo nozo. Thanki ndinaika mu buti, pampu pansi pake kuti isamayamwe mpweya, paipi ndinaiyendetsa kunsi kwa galimoto kutali ndi ekizozi. Kavavu ndinakaika pafupi ndi nozo kuti madzi asamadonthere mu injini galimoto ili chiimire. Pomaliza ndinamanga kababu kobiriwira pafupi ndi chiwongolero, koti kaziyaka pampu ikayamba ntchito.

Ndisanabwezere paipi ija ndinathira madzi a batire mu thanki, n'kugunditsa mawaya. Nozo inangoti fuuu! Nkhungu inatuluka padzuwa, kautawaleza kakang'ono n'kuima pakati pa ine ndi mpeyala.

"Amayi! Tabwerani mudzaone!"

Anabwera akupukuta manja pa chitenje, n'kuika chikhatho mu nkhungu ija.

"Ii, chiperoni chenicheni! Ndiye mwayamba kupanga nyengo tsopano?"

Chinatsala ndi methanolo. Ogulitsa a ku Blantyre anati amagulitsa diramu yathunthu, ngati kuti ndikutsegula fakitale. Ndinabwereranso pa foni, ndipo ndinawerenga kuti ngakhale mowa woyera wotcheza umagwira ntchito, bola ukhale theka mowa theka madzi, wopanda zinyalala. Chinthu chimenecho ndinkachidziwa bwino kuposa onse olemba pa foni aja. Anali kachasu wa mutu, woyamba kudontha, amene amayaka ukamuyandikizira machesi.

Apa ndi pamene ndinachita zopusa. Ndinati ndisawauze akazi anga, ndingawadetse nkhawa pachabe, adzaona okha galimoto ikadzakwera chikweza. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinati ndikukafuna mabawuti ku Limbuli. Ndinakwera minibasi ndi chigubu cha malita asanu chili m'thumba la saka, n'kupita kwa mayi wina wachikulire amene ankanditchezera kale. Atandiona anaomba m'manja.

"Eee, mwana wanga wotayika uja! Ndimati munafa!"

"Si wanga, mayi. Ndi wa galimoto."

"Onse amatero. Dzana kunabwera wina, anati ndi wa chitopa cha nkhuku."

Anathira pang'ono m'kapu n'kundipatsa, chifukwa mwambo wake wogula amayamba walawa. Ndinakana. Ndinathira pa chitsekero cha botolo n'kuyatsa machesi, kamoto kabuluu n'kuvina. Mayi uja anapukusa mutu, akuti chiyambire kutcheza sanaonepo munthu wolawa ndi machesi. Ine ndinaseka nawo, koma fungo lija linali litandipeza. Malovu anadzaza m'kamwa. Mu minibasi yonse chigubu chinali pakati pa miyendo yanga chikuchita khuvukhuvu, ine ndikuyang'ana phiri pawindo ngati sindinalionepo. Nditafika ndinachibisa kuseri kwa mpando wa kumbuyo, osakumbukira kuti mpandowo unali ndi mwini wake, ndipo kuti mazira ake amatolayo ndi akazi anga.

Lolemba ndinaweruka cha m'ma folo, dzuwa likuswabe mtengo. Ndili pa mpanda ndinaliona. Bulangete langa lakale, la mizere yofiira, limene ndinabwera nalo pamudzi pano, linali pa boneti, lopindidwa bwinobwino, mwala uli pamwamba kuti mphepo isalitenge. Sindinkadziwa n'komwe kuti analisunga zaka zonsezi.

Akazi anga anali pakhonde akusankha nandolo m'lichero. Chigubu chinali pambali pawo. Sanadzutse mutu.

"Amayi, ndilongosole."

"Tapumirani kuno."

Ndinagwada n'kuwapumira kumaso, bambo wa imvi zanga.

"Lero ayi. Nanga dzulo?"

"Onani chigubu, chadzaza mpaka m'khosi. Ndi wa galimoto. Methanolo uja ndinkasowa, kachasuyu amalowa m'malo mwake."

Anachinyamula, anachiyang'ana padzuwa, n'kuchiika pansi.

"Ngati ndi wa galimoto, munabisiranji? Munati mabawuti."

Ndinangoyang'ana nyerere zimene zinkakoka kanjere ka nandolo pa simenti. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Simunamulakelake?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka kale. Koma ndinali nditanama kamodzi ndipo bulangete linali panja.

"Ndinamulakalaka. Kuchokera ku Limbuli mpaka pano. Ndinachita mantha kwambiri."

Zala zawo zinkayendabe mu nandolo.

"Mukanati ayi, mukanagona kwanu lero."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo la sipiriti wa pepo uja wopukutira zilonda. Anatsegula chigubu, anakhuthuliramo yense, anakhutchumula mpaka kachasu yense anasanduka wa pepo, wonunkha chipatala.

"Ameneyu ngakhale satana sangamwe. Kodi galimoto yanu ikana?"

"Singakane."

"Ndiye tiyeni, ndikaone ndi maso anga ikumwa."

Anasefa okha ndi kansalu koyera, anathira okha mu thanki, ine ndikungogwira fanulo. Bulangete analichotsa pa boneti, koma sanapite nalo m'nyumba. Analiika pamiyendo pawo atakhala pa mpando wa sipuling'i uja, manja onse awiri ali pamwamba pake. Ndinaliza injini, thadzi linatuluka pawindo likutukwana, tinanyamuka.

Tinafika pa chikweza chija. Kutsogolo kwathu kunali thirakitala ikukoka ngolo ya masamba a tiyi. Ndinatsitsa giya, ndinapemphera kamodzi, n'kuponda. Tabo inayamba kuimba mluzu. Apa ndi pamene misomali inkayambira, ndipo khutu langa linali tcheru kuidikira. Kababu kobiriwira kanayaka. Misomali kunalibe! Injini inangolira mawu amodzi osalala, galimoto n'kutikankha kumsana, thirakitala n'kutsala m'mbuyo ngati yaima, mizere ya tiyi ikuthawa mbali zonse ziwiri.

"Mayo ine!" anakuwa akazi anga, dzanja limodzi litagwira chitseko. Ndinati ndichotse phazi. "Ayi, pondani! Pondani, abambo!"

Ndinaponda. Akazi anga omwewo, mayi amene amaimba alito pa kwaya mwaulemu, maso ali pansi, anali kululutira pawindo duku litapendekeka. Otchola tiyi amene ankaweruka anaima m'mbali mwa msewu, mabasiketi ali kumsana, kuyang'ana amisala awiri akudutsa. Ine ndinkaseka ndipo misozi inkatsika, sindikudziwa kuti chinayamba n'chiti.

Pamwamba pa chikweza ndinaimitsa pansi pa mibulugamu. Ndinakweza boneti n'kugwira paipi ya mpweya, imene masiku onse inkaotcha ngati chiwaya. Inali yozizira. Ndinawagwiritsa nawonso.

"Yamwa zingati?" anafunsa.

Tinakayang'ana mu buti. Thanki inali itatsika pang'ono chabe, osakwana kapu.

"Imamwa mwaulemu kuposa mwini wake," anatero. "Kuyambira lero chigubu chizikhala kwa ine. Ku Limbuli tizipita awiri. Anthu a ku tchalitchi akafunsa, ndiwayankha ndine."

Ndinavomera zonse, ndikanavomera ngakhale akanati ndizipita chokwawa. Koma maso anga anali pa bulangete, limene anali atalikolekabe pamkono. Anaona kuti ndikuliyang'ana. Anatsegula chitseko cha mbali yawo, analitambasula, analipinda pawiri n'kuliyala pa mpando, akulowetsa m'mphepete mwake bwinobwino ngati akuyala bedi la alendo.

"Sipuling'i yanuyi yandibaya njira yonse."

"Ndiye sililowanso m'nyumba?" ndinafunsa.

"Likalowa m'nyumba litha kudzatulukanso. Likhale pompano, ndizilikhalira ine."

Anakhalapo, anakonza duku, n'kumenya chitseko.

"Tatsikani, tikakwerenso kachiwiri. Ulendo uno ndikufuna ndione kababu kaja kakuyaka."