Chingwe cha pa Una wa Mtsiro Woyera

Ntchito yolembedwa ndinaiyamba imvi zitamera kale. Moyo wanga wonse ndinali mlimi wa kabichi ndi kachewere ku Biriwiri. Sukulu ndinalowa ya kwacha, matipati atabwera kale, ndipo aphunzitsi athu a kumeneko ndi amene anandiuza kuti pa koleji ina kuno ku Ntcheu akufuna munthu wa ntchito zamanja wotha kusaina dzina lake. Ndinapita, ananditenga. Anandipatsa wilibala, fosholo, ndowa ndi ovololo yoti tikanakwanamo anthu awiri.

Nthawi imeneyo koleji inkakonzekera chikondwerero cha jenda, tsiku losonyeza kuti amuna ndi akazi akhoza kugwira ntchito imodzi. Mayi Kachale, mphunzitsi wa zojambula, anakana penti wa m'sitolo. Anati khoma la holo lijambulidwe ndi mtsiro, dothi lomwe amayi amazirira nyumba, ndipo aliyense aikepo dzanja: ophunzira, ophika, alonda ndi amayi a m'midzi yozungulira. Ine ndinkasefa dothilo pa sefa ya waya, kulinyika m'migolo yodula pakati, n'kulitakasa mpaka lifanane ndi phala la mwana. Katondo wofiira ndi makande akuda tinkapeza pafupi. Loyera linkachokera kuphiri, ndipo linatha chithunzi chili pakati, mitambo isanajambulidwe.

Mayi Kachale anati, "Bambo Gama, pitani ndi aNajere. Chimene akuuzeni, chitani chomwecho."

ANajere anali mayi wa m'mudzi, wochepa thupi, amene ankaphunzitsa ophunzira kuzira. Tinatengana ndi anyamata awiri a pakoleji oti asenze matumba. Mvula inali itagwa sabata yomweyo.

Titafika kuphiri, aNajere anandionetsa malowo. Unali una wolowa cham'mbali m'khoma la chigwembe, woti munthu alowe chokwawa, ndipo pamwamba pake panali dothi lolemera kuposa nyumba. Ndinavula nsapato kuti ndilowe, poti mwamuna wamkulu ndinali ine.

"Mukupita kuti, bambo?" anatero aNajere. "Inu mukakumba ngati mukuunda mizere, tikakutulutseni mawa. Valani nsapatozo."

Anadzimanga chingwe cha khonje m'chiuno, n'kundipatsa nsonga yake. Kenaka anandionetsa mng'alu wopyapyala pamwamba pa khomo la unawo. Anathyola kaudzu kouma, n'kukapanikiza mumng'alumo mpaka kanaima kokha.

"Maso pamenepa. Mng'alu ukayasamula, kaudzuka kagwa. Kakagwa, kokani. Musandiitane, musandifunse. Kokani."

Analowa ndi kakhasu ka mpini waufupi ndi beseni. Ndinkangoona zidendene zawo, kenaka nazonso zinalowa mumdima.

Anyamata aja anakhala pamwala. Wina anati, "Madala, mbuzi yanuyo mukugulitsa?" Mnzake anaseka n'kuti, "Jenda imeneyo, amayi kumgodi, abambo kugwira chingwe!" Ine maso anali pa kaudzu kaja. Ndinkamva khasu likugunda pansi pa mapazi anga. Beseni linkatuluka lodzaza, anyamata n'kukhuthulira m'thumba, n'kulikankhiranso mkati. Mkazi wanga, malemu, ankazira nyumba yathu ndi dothi loyera lomweli chaka ndi chaka. Amene ankamugwirira chingwe sindimudziwa.

Maso anayamba kuchita misozi chifukwa chosaphethira. Kunali kamphepo. Kaudzu kaja kanagwedera, kanapendama, kenaka kanagwa.

Sindinadziwe ngati inali mphepo kapena mng'alu. Ndikanatha kuwerama kuti ndione bwino. Ndikanatha kufunsa anyamata aja. Koma miyendo inaponda yokha, ndipo ndinakoka ndi mphamvu zonse zimene khasu linandisiyira m'mapewa. ANajere anatuluka chafufumimba, mpango utatsala mkati, zigongono zitasupuka, mkamwa muli dothi.

"Mayo! Mukufuna kundidula pakati, bambo inu?"

Tonse tinaima kuyang'ana una uja. Sunagwe. Panalibe ngakhale kamwala kogubuduka. Mnyamata mmodzi anati, "Madala achita mantha ndi mphepo basi. Amayi, lowaninso, thumba silinafike n'pakati pomwe." Manyazi anandigwira, ndipo ndinayamba kuganiza zimene ndikanene kwa mayi Kachale: chikondwerero chayandikira, dothi palibe, mayi wa eni ndamuvulaza.

ANajere analavula dothi, anatola kaudzu kaja, n'kukabwezera mumng'alu. Sikanaime. Anayesanso, kanagwanso. Mwina mng'alu unali utakula, mwina zala zawo zinkanjenjemera. Anamasula chingwe.

"Mpango ndi beseni zikhale momwemo. Tiyeni."

Pakoleji ndinafotokoza zonse nditayang'ana pansi. Mayi Kachale anayang'ana zigongono za aNajere, n'kunena kuti, "Ndiye mitambo ikhala yofiira."

Zinaterodi. Pa tsiku la chikondwerero khomalo linali ndi mayi akukhoma denga, bambo atabereka mwana, ndi manja a anthu ambirimbiri m'munsi mwake, pansi pa mitambo ya katondo. Loyera lochepa lija anajambulira maso a anthu a pachithunzipo. Alendo anaomba m'manja, kwaya inaimba, koma ine m'manja munali mukuwawabe momwe chingwe chinapsereza.

Ku una uja sindinabwerereko, ndipo sindinafunse aliyense ngati unagwa kapena ulipobe. Masiku ena ndimaganiza kuti ndinapulumutsa munthu, masiku ena kuti ndinangomukhwekhwereza pamiyala chifukwa cha mphepo. Ndagwira ntchito zina pakolejipo, kugwirira anthu makwerero ndi kutsitsa anthu m'zitsime, ndipo chimene ndinasunga n'chakuti wogwira chingwe sadikira kuti atsimikize. Amakoka, n'kulola kuti amutukwane munthu wamoyo.