Wotchi ya kuseri kwa katani

Shopu yosokera zovala tinaitsegula awiri mumsika wa pa boma, ine ndi mayi wina amene tinaphunzira limodzi utelala. Kumbuyo tinatchinga ndi katani kuti azimayi aziyesera zovala. Ine ndinkaswalira komweko masana.

Tsiku lina mnzangayo anabwera ndi wotchi n'kuipachika kuseri kwa kataniko. Ndinamuyamika.

Patatha milungu ingapo, tikudula nsalu, anandifunsa osandiyang'ana: "Achemwali, diresi la mayi wa ku Makanjira lija mukasokera kunyumba?"

Sizasi inaima m'manja. Mayiyo anandipemphadi zimenezo, koma monong'ona, ndikumuyeza m'chiuno, mnzangayo kulibe. Ndipo ndinakana.

"Mwamva kwa ndani?"

Maso ake anathawira kukhoma. Ndinakwera pampando n'kutsitsa wotchi ija. Pansi pa nambala yapamwamba panali kabowo, mkati kakamera ngati diso la usipa.

"Shopu ndi yanganso," anatero. "Makasitomala akuchepa, ndimafuna ndidziwe kumene akupita."

Ndinamulanda foni, momwe zojambulidwa ndi kamerayo zinkafikira. Ndinadziona nditavula mpango, ndikukonza tsitsi. Ndinaona mtsikana amene tinkamusokera zovala za ukwati ataima ndi pitikoti yekha. Foni imeneyi amuna ake ankaigwira, ana ake ankaseweretsa. Ndinakuwa mpaka ogulitsa chambo anasiya mabenchi awo.

Mawa lake ndinapita kwa bambo wina wopuma pa ntchito, amene kale anali kalaliki wa khoti.

"Kodi lamulo limamulola, poti shopu ndi ya tonse?"

"Ine si loya, mayi," anatero. "Koma kamera ya pakhomo imene nonse mwagwirizana ndi nkhani ina. Kuibisa pamene anthu amavula, n'kumajambula ndi mawu omwe, kukhala mwini shopu sikungamuteteze. Mukhoza kukasuma."

Sindinasume. Kusuma kunali kupereka zithunzi za azimayi aja m'manja mwa anthu enanso. Ndinangoimirira pambali pa mnzangayo mpaka anafufuta zonse, chimodzichimodzi. Kupepesa sanapepese. Anati ndikukulitsa nkhani.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti amene anayenda khomo ndi khomo kukaulula ndi ine. Mayi ake a mtsikana uja anandimvetsera ali chiimire, kenako anati, "Mwana wanga ndinamupereka m'manja mwa inu, osati mwa anzanuwo." Sanabwerenso.

Makina anga ndinawamanga pa kabaza Loweruka m'mawa. Pano ndimasokera pakhonde kwathu, ndipo woyesa chovala amalowa kuchipinda kwanga. Mnzanga uja akadali mumsika muja. Tikakumana pamaliro amayamba ndi iye kupereka moni, ine ndimayankha chifukwa choti anthu akuona.