Batani la Woimba Lipenga

M'tauni yonse ankawadziwa kuti aMasamu. Anaphunzitsa masamu pa sekondale imodzi yomweyo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo amene anadutsa m'manja mwawo, makondakitala ndi madokotala omwe, ankawakumbukira ndi mawu amodzi: "Undionetse njira imene wadzera." Yankho lokha sankalilandira, ngakhale likhale lolondola. Anali munthu wamtali, woonda, wosadziwa kulekerera cholakwa kuti chidutse. Akaona chikwangwani cholembedwa molakwika ankaima n'kuitanitsa mwini wake. Malemu akazi awo ankakonda kunena kuti anakwatiwa ndi bolopeni yofiira.

Atapuma pantchito miyendo inayamba kutupa chifukwa chokhalitsa, ndipo dokotala anawauza kuti aziyenda. Kuyenda kopanda kolowera iwo anakukana. Ndiye mwana wawo wamkazi anawatumizira makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, ndodo yokhala ndi mbale kumunsi, imene imalira ikadutsa pamwamba pa chitsulo. M'mawa uliwonse ankaikoleka paphewa n'kuuyatsa wa kubwalo la mpira kapena kuseri kwa siteshoni.

"Golide wapezeka, aphunzitsi?" ankawafunsa okonza njinga pakona.

"Lero ndapeza supuni," iwo ankayankha osaseka.

Misomali, makiyi, maloko, zotsekera mabotolo, chilichonse ankachilemba m'kope: tsiku, malo, ndi kuya kwake.

Panali malo amodzi amene ankawalambalala. Nyumba imene anakuliramo, kumapeto kwa msewu wa fakitale ya matabwa, inagwetsedwa kalekale ndipo puloti inagulitsidwa. Tsiku lina achemwali awo aakulu, amene ankakhalabe mumsewu womwewo, anawauza kuti mwini watsopano wayamba kutsitsa njerwa.

"Ngati makina anuwo ali ndi ntchito, achimwene, kawayendetseni kwathu asanathirepo simenti."

Anapita Lachiwiri, atapempha mwini malo. Anapeza hinji ya chitseko ndi chogwirira cha ketulo. Kuseri, pamene panali dzenje la zinyalala, makina analira pang'ono chabe. Anakumba mpaka dzanja linalowa kulekeza m'chigongono, n'kutulutsa kachibuma. Atakaphwanya ndi chala chachikulu, m'katimo munali batani lobiriwira, laling'ono ngati chikhadabo. Sanatulutse kope. Anakakhala pa mulu wa njerwa za eni ake, batani lili m'manja, mpaka amisiri anawapempha kuti asendere.

Bambo awo anali mlonda pa fakitale ya matabwa ija. Anali munthu wamfupi, wokonda kucheza, ndipo nkhani yawo inali imodzi: nkhondo. Ankati anapita ali wamng'ono, ankadzutsa gulu lonse ndi lipenga, anayenda milungu itatu nsapato zitatha, ndipo mnzawo wina anatengedwa ndi madzi akuwoloka mtsinje, katundu ali pamutu. Mendulo analibe, chithunzi analibe, lipengalo analibe. Chimene anali nacho ndi jekete yakhaki yothothoka kolala, imene inkapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko. Anzawo a pafakitale ankawatcha aJenerale, ndipo sikuti kunali kuwalemekeza.

Chaka chimene aMasamu anayamba kuphunzitsa, anabwera kunyumba Lamlungu lina masana ndi aphunzitsi anzawo awiri, ovala mataye. Bambo anakoka mpando n'kuyamba ya lipenga ija. Alendo ankatsinana. AMasamu anatulutsa bolopeni. Anang'amba pepala m'kope, n'kulemba chaka chimene nkhondo inatha, pansi pake chaka chobadwa bambo monga chinalili pa chiphaso chawo, n'kuchotsera.

"Khumi ndi zisanu," anatero akuwaonetsa pepalalo. "Nkhondo inatha muli ndi zaka khumi ndi zisanu, bambo. Usilikali salemba ana. Masamu sanama."

Bambo analiyang'ana pepala lija nthawi yaitali, ngakhale kuwerenga kunkawavuta. Kenaka anati, "Odziwa ndinu, aphunzitsi." Anadzuka n'kupita kukawaza nkhuni zimene zinali zowaza kale.

M'mawa mwake jekete panalibe pa msomali. Bambo anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi. Nkhani ya nkhondo sanaikambenso, ndipo mwana wawoyo sanamutchulenso dzina. Mpaka m'chipatala, akupempha madzi, ankati "aphunzitsi".

Ndi chifukwa chake aMasamu sanapite kunyumba ndi batani lija. Analowera kumsika, kukhonde la aTelala, mkulu wina amene anasoka mayunifolomu kukampu ya asilikali moyo wake wonse asanatsegule shopu yakeyake. Anamupeza ali ndi mapini kukamwa, akupinda thalauza, n'kumuonetsa batani lija.

"Mwalikwecha ndi chiyani?" anafunsa aTelala atalavulira mapini m'dzanja.

"Sindinalikhudze. Ndimati ndikapeze sandipepa."

"Mukanatero ndikanakuthamangitsani ndi sizasi. Khalani apo."

Anatunga madzi m'kapu, n'kutenga mswachi wakutha, n'kuyamba kulitsuka pang'onopang'ono. Atalipukuta anadonthezapo mafuta a makina osokera, n'kulitembenuzira ku dzuwa. Pamwamba pake panatuluka lipenga lokhala ndi chingwe, ndi nambala seveni pakati.

"Limeneli si la pachifuwa, ndi laling'ono. Ndi la pathumba kapena pamkono," anatero. "Koma batani silikuuza zaka zake kumaso ayi, limakuuza kumbuyo, ngati nkhalamba yodaya tsitsi."

Analitembenuza. Kumbuyo kunali kofiira ndi dzimbiri, kamphete kosokerapo ulusi katapindika. ATelala anatenga maginito amene amatolera mapini n'kuyandikitsa. Kumaso sanagwire. Kumbuyo batani linamata.

"Mwaona? Pamwamba mkuwa, pansi chitsulo. Nkhondo isanayambe ankapanga la mkuwa lonse. Itafika pakati mkuwa unasowa, unkapita ku zipolopolo, ndiye anayamba kuphatikiza chonchi."

Anakoka chitini cha mabisiketi pansi pa tebulo n'kukhuthula mabatani pa nsalu. Mabataniwo anawasiyira mmisiri amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo ankawadziwa ngati ana awo. Anasankhamo atatu n'kuwandanditsa pambali pa la aMasamu. Ndi galasi lokulitsa zinthu anawerenga malemba ozungulira kamphete, amene theka lake linadyeka. Dzina la kampani yopanga mabatani linali lofanana pa onse, koma adiresi inali yosiyana. Kampaniyo inasamuka nkhondo ili mkati, anatero aTelala, ndipo itatha nkhondo asilikali anasiya kulemba manambala a magulu pa mabatani. La aMasamu linali ndi adiresi yatsopano ndi nambala yomwe.

"Ndiye linapangidwa m'zaka ziwiri zomalizira za nkhondo. Zikachuluka zitatu," anatero aTelala.

Njira yake inali yomveka, ndipo aMasamu sanapezemo pokonza. Anafunsa ndi mawu otsika, "Nanga lipengalo?"

"Oimba malipenga ndi ng'oma anali ndi mabatani awoawo. Amene anandiphunzitsa ankati majekete awo ndi amene ankawavutitsa kwambiri, chifukwa ankachita kuwachepetsa manja ndi mapewa. Anali ana aja. Zaka khumi ndi zitatu, khumi ndi zinayi. Wamkulu ankanyamula mfuti, mwana lipenga."

AMasamu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya shati. ATelala anawayang'ana, n'kuzindikira kuti nkhaniyi si ya batani lokha.

"Koma ndisakunamizeni, aphunzitsi. Nkhondo itatha majekete amenewa anadzaza m'misika, aliyense ankagula. Batani likuuzani chaka ndi gulu. Mwini wake silimutchula."

"Jeketeyo inali yaifupi manja," anatero aMasamu. "Ndikukumbukira. Inkalekera apa." Anagwira pakati pa mkono. Kwa zaka zonsezo ankaganiza kuti imeneyo ndi mbiri ya chovala chogula pakaunjika.

Anafika kwa achemwali awo chakumasana, n'kuwapeza akusita pakhonde. Anafotokoza zonse mwadongosolo, za maginito, za adiresi, za nambala. Achemwali anamvetsera akusitabe.

"Ndiye mwadzandiuza kuti bambo sankanama," anatero pomaliza.

"Ndikuti mwina. Umboni wake sunakwane kwenikweni, chifukwa…"

"Iwe," anawadula, ndipo panali patapita zaka zambiri asanawatchule choncho. "Ine ndinawaona akuitaya. Anaipinda bwinobwino ngati akupita nayo paulendo, anaiika m'dzenje, n'kukwirira ndi phulusa. Amayi anafuna kukaitola, iwo anakaniza. Anati mwana wathu ndi mphunzitsi tsopano, tisamamuchititse manyazi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unkafunsa? Ukabwera unkangoona ngati denga likudontha, n'kumapita."

AMasamu anakhala pa sitepe. Anafunsa ngati achemwali akukumbukira dzina la mnzawo wa bambo, uja anatengedwa ndi madzi. Achemwali anaimika simbi, anaganiza, n'kupukusa mutu. Bambo ankalitchula nthawi zonse, anatero, koma masiku amenewo m'nyumba munalibe amene ankamvetsera mpaka kumapeto. Mtsinjewo nawo sankaudziwa. Amayi, amene akanadziwa, anatsogola kale.

Masiku atatu otsatira aMasamu anabwerera pabwinja paja kukafuna mabatani otsala. Jekete imakhala nawo asanu ndi atatu kapena kuposa, ndipo ankaganiza kuti mwina m'thumba munali kanthu kena, kachitsulo ka nambala kapena kamlomo ka lipenga. Anakumba dzenje lonse, anasefa dothi ndi sefa ya amisiri. Anapeza magalasi osweka, foloko, ndi chidendene cha nsapato. Tsiku lachinayi anapeza zingwe za maziko zitakokedwa kale, ndipo kapitawo anawauza mwaulemu kuti tsopano akusokoneza ntchito.

Analemba makalata awiri ku likulu la asilikali kufunsa ngati kaundula wa oimba malipenga a gulu lachiseveni alipo. Yoyamba sinayankhidwe. Yachiwiri inayankhidwa patapita miyezi isanu, mizere itatu: mayina a ana sankalembedwa m'kaundula wa asilikali, ndipo mabuku ena a nthawi imeneyo anaonongeka ndi chinyezi. Kalatayo inali ndi mawu awiri olembedwa molakwika. Anaipinda n'kuiika m'dirowa.

Makina aja sanawasiye, koma anayamba kuyenda nawo mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri ankathera pakhonde la aTelala, akuthandiza kulowetsa ulusi m'singano, poti maso a mkuluyo anali atayamba kufooka.

Batani silinakhale nawo. Achemwali analipempha kuti alione bwino, n'kukana kubweza. Juzi yawo yabuluu inali itathothoka batani lapakhosi, ndiye anawongola kamphete kaja ndi mpeni n'kulisokerera pamenepo ndi ulusi wakuda. AMasamu anati chinthu chakale chotero chimafunika kusungidwa m'bokosi, pouma, chifukwa sopo achimaliza.

"Chakhala m'dothi mokwanira," anatero achemwali, akuluma ulusi.