Eyakoni ya Abambo

Limoti ya eyakoni ija ndimaikumbukabe: yoyera, yosachotsa ndi pulasitiki yomwe, ndipo inkakhala m'thumba la malaya a abambo. Ife ana kuikhudza kunali kuputa mbama.

Ndinali sitandade folo, ku Nchalo, mu Okutobala, dzuwa lija loti ukaponda pansi opanda nsapato umavina usakufuna. Abambo atangowakweza kukhala kapitawo ku minda ya nzimbe, anati munthu waudindo sagona pamkeka panja ngati mbuzi. Anakagula eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, kusitolo ina ku Blantyre.

Kunabwera amisiri awiri kudzaiika, aphuma ake osanena. Amayi anawachenjeza kuti njerwa za nyumba yathu anamangira dothi, simenti ndi ya pamwamba pokha. Wamtali mwa awiriwo anaseka n'kuti amayi aziona za kukhitchini. Anaboola khoma, chimakina chapanja n'kuchipachika pa mabawuti, paipi ya madzi n'kuisiya chopendekera m'kati, ulendo kukathamangira minibasi.

Sabata isanathe, madzi anayamba kudontha kuchipinda, pabedi penipeni. Abambo akaimba foni kusitoloko, yankho linali lomwelo: amisiri atuluka, abwera mawa. Mawa lakelo silinkafika. Ndiye mkwiyo umene unayenera kukwera mapiri kupita ku Blantyre unkathera pamsana pa amayi. Ati anapukuta makinawo ndi nsanza yonyowa n'kuwaononga. Bodza lenileni. Abambo ankavula lamba, osagwira kuchitsulo ayi, chitsulocho ndiye chinkafika pathupi. Kale aneba ankamva n'kudzaleretsa, koma tsopano mawindo anali otseka kuti kuzizira kusathawe, makinawo akulira, ndipo palibe ankamva kanthu. Mpaka lero ndikalowa mu ofesi yozizira, mtima wanga umanyansidwa.

Amalume anabwera kuchokera kwa Maseya kudzakamba nkhaniyi. Abambo anawalowetsa kuchipinda kozizira kuja, n'kuwapatsa chakumwa cha m'botolo. Anatuluka akuyamikira mphepo, mlongo wawo diso lili chitupire. Ankhoswe otani amenewo!

Amayi anasiya kudandaula. Anatchera beseni podontha paja. M'mawa uliwonse abambo akangopita kuntchito, ankanyamula beseniyo kupita kuseri kwa nyumba, kukwera pamtondo wovundikira, n'kuthira madziwo pang'onopang'ono pakhoma, pomwe panalowa mabawuti. Khomalo linkanunkha dothi lonyowa ngati mvula yoyamba. Nditawafunsa anati, "Chimakinachi nachonso chimamva kutentha, mwanangu." Ndinakhulupirira, mwina n'kumawagwirira mtondo kuti asagwe.

Loweruka lina masana tinangomva phi! Chimakina chija chinali pansi, chitazuka ndi chigamba cha khoma, nkhuku yathu yofungatira itaphwanyikira pansi pake, mazira ndi magazi zili mbwee. Abambo anatola bawuti imodzi, dothi lili phalaphala, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayang'ane amayi. Anati ndi madzi a paipi yopendekera ija.

Kusitolo atamva kuti makina agwa, mawa lija linafika. Anatumiza wamtali yemwe uja, ndipo anayamba n'kunena kuti vuto ndi nyumba yathu. Sanamalize. Abambo anazula paipi ya mkuwa n'kumukwapula nayo kukamwa. Ndinaona mano pamchenga. Anamugwetsa, kumuponda m'nthiti, mnyamatayo akukuwa kuitana mayi ake, mpaka anthu anathyola mpanda kudzamulanditsa. Apolisi anawatenga abambo malaya ali magazi okhaokha, limoti idakali m'thumba. Anakagwira ukaidi, ndipo pomwe ankatuluka ife tinali titasamukira kwa Maseya.

Madzulo a tsiku limene abambo anamangidwa, amayi anatsekula mawindo onse n'kuyala mkeka panja. Ine ndinkalirira makina aja.

"Koma amayi, si munkachisamala tsiku ndi tsiku?"

"Ndinkachisamaladi," anatero, akudzipepesera mphepo ndi chivundikiro cha poto.

Ndinadabwa kuti munthu angataye bwanji chinthu chimene anachivutikira chotero, osagwetsa ndi msozi umodzi womwe.