Lole Inamusiya Chifukwa cha Kapaipi

Zaka zimenezo pamsika wa Mangochi panalibe wondiposa pa kunenerera. Munthu ankandigulitsa chimene sanabwere kudzagulitsa, n'kundithokozanso.

Geni ya nsomba ndinkachita ndi mkulu wina wothawa nkhondo ku Mozambiki. Iye ankawamba, ine yanga inali pakamwa. Kaya unali utsi wowambira, kaya fodya wake wa chingambwe, anayamba chifuwa chosatha. Kuchipatala anamuyeza makhololo, chifuwa chachikulu sichinapezeke. Anamujambula m'chifuwa, chithunzi chinatuluka choyera. Koma thupi linkatha, ndipo nthawi zina ankalavula timagazi.

Adokotala anati apite ku Blantyre, akamulowetse kapaipi pamphuno mpaka m'njira za mpweya, akapaleko pang'ono m'katimo n'kukaunika pamakina. Apo nkhondo inali itatha, malole atayamba kubweza anthu kwawo, ndipo yake inali yonyamuka sabata yomweyo.

"Za paipizo ayi, achimwene," anatero. "Ndikufuna ndikatsike kwathu ndi miyendo yanga."

"Akulu, mukamagula usipa mumangoyang'ana pamwamba pa dengu?"

"Ndine mwana ine? Ndimapisa dzanja mpaka pansi."

"Nanga adokotala mukuwakaniziranji kupisa?"

"Ine si dengu."

"Zoona. Dengu silitsokomola."

Anaseka mpaka kutsamwa. Tinanenererana ngati mmene tinkachitira ndi asodzi a ku Malindi. Iye amvekere kwathu kaye, chipatala pambuyo. Ine ndinachita zanga zija zodzuka ngati ndikupita, n'kuima pakhomo osacheuka. Anandiitana. Tinagwirizana kuti lole imusiye, adzakwera ina.

Ku Blantyre anatuluka m'chipinda cha adokotala mawu atasasa.

"Apisadi, achimwene. Chigongono chonse."

Zotsatira zinachedwa. Mvula inayamba, msewu wa kwawo n'kuwonongeka, malole n'kuima. Zitabwera, anati ndi khansa ya m'mapapo, yobisala m'kanjira ka mpweya momwe chithunzi sichinaone. Mankhwala ochiritsa panalibe, koma ochepetsa ululu okha.

Pamene misewu inkauma, iye n'kuti sakuthanso kufika ngakhale kubafa. Sanandidzudzule. Tsiku lina ndikumumwetsa phala anangoti, "Bola ndikuchidziwa dzina chimene chikundidyachi. Ndikanapita ndikanamanena anthu kuti andilodza." Ananena moona kapena ankangondichotsa manyazi ngati kasitomala wabwino, sindidziwa.

Tinamuika kuno, mapiri a kumalire akuonekera chakum'mawa.

Mkangano uja anagonja ndi iye, zimenezo ndiye zosachita kufunsa. Koma inu mukuona kuti anawina ndani?