Atate ndi Mawu a Buluu

Chaka chimene fakitale ya feteleza inachotsa anthu ambiri ntchito, atate anabwera ndi chisoti chawo chakuntchito m'manja n'kuchipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Ine ndinali nditatsala pang'ono kumaliza sekondale. Kwa miyezi ingapo ankadzukabe m'mamawa, kusamba, n'kukhala pakhonde atavala nsapato, kumamvera sitima ikudutsa. Amayi anayamba kutola makatoni kumsika n'kumawaika pansi pa bedi. Palibe anandiuza ntchito ya makatoniwo, koma ndinkaidziwa. Zikakanika m'tauni yathu ya Kafue, tinali oti tibwerere kumudzi kum'mawa, kumene sukulu inali kutali, ndipo atsikana amsinkhu wanga anali kale ndi ana kumsana.

Nthawi yomweyo kutchalitchi kwathu anatsegula kachipinda ka makompyuta, akale ndithu, ochita kupatsidwa. Mphunzitsi wake anali mnyamata wowonda wa ku Lusaka, wokonda nthabwala, amene ankabwera pa minibasi. Ankaphunzitsa kulemba mapulogalamu, ndiye kuti kulembera kompyuta malangizo m'chilankhulo chimene imamva. Atate analembetsa. Anauza amayi kuti ayesa ichi chokha, ndipo akalephera mayeso akumapeto, timange katundu.

Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera komweko, n'kukhala pa benchi pambali pawo ndi yunifolomu yanga yafumbi. Chilankhulocho chinalibe buku la mapepala. Zofotokoza zake zonse zinali pa intaneti, masamba ataliatali a Chingelezi, ndipo m'kati mwa ziganizo munali mawu a buluu okhala ndi mzere kunsi. Ukadina liwu lotero limakupititsa patsamba lina. Chingelezi atate ankachidziwa kuposa ine. Vuto linali lakuti mawu a buluuwo sankawadina. Ankayamba tsamba pamwamba n'kuwerenga mpaka pansi, chala chili pagalasi la kompyuta, monga ankawerengera mabuku a makina. Anzawo akamaliza ntchito ya tsikulo, iwo anali akufunafunabe poyambira.

Tsiku lina mphunzitsi anawaimirira kumbuyo n'kunena moseka, "Bamdala, dinani chabe, siizaphulika iyi." Onse anaseka. Atate anamwetulira pang'ono, koma dzanja analichotsa pa mausi n'kuliika pabondo.

Tikubwerera kunyumba m'mbali mwa njanji, ndinawafunsa chimene ankaopa. Atate ankanditchula kuti amama, chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Anati, "Amama, kufakitale munthu sutsegula valavu usanadziwe kuti paipi ipita kuti." Anandifotokozera kuti valavu ndi chotsegulira paipi, ndipo kumeneko paipi iliyonse inali ndi mtundu wake wa penti, muvi wosonyeza kolowera, ndi mawu onena zimene zili m'katimo. Munthu wotsegula mongoyesa ankatha kuvulaza anzake amene sakuwaona n'komwe. Anavomeranso kuti tsiku loyamba anadinapo liwu limodzi. Linawapititsa patsamba lina, ilo n'kuwapititsa pa linanso, ndipo pobwerera, poti intaneti yake inali yokwawa, anadikira nthawi yaitali n'kupezeka ali pamwamba pa tsamba, malo awo atasowa. Anachita manyazi kufunsa mphunzitsi, mwana wamng'ono ngati uja, kuti awabweze.

Madzulo ake ndinalemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku kuti atate si ogona, angofunika mivi.

Loweruka ndinapempha mphunzitsi kuti andionetse mmene amapangira tsamba lokhala ndi mawu a buluu. Anati n'zosavuta kuposa kuphika nshima, ndipo sananame kwenikweni. Ndinapanga tsamba langa loti likhale ngati khomo lolowera m'zofotokoza zija. Poyamba ndinandandalika mayina a malamulo onse motsata alifabeti, ngati m'dikishonale, n'kunyadira kwambiri. Atate analiyang'ana bwinobwino n'kundifunsa mofatsa kuti munthu amene sadziwa dzina la chimene akufuna achipeza pa chilembo chiti. Ndinakhumudwa tsiku lonse.

Ndinayambiranso, tsopano tili awiri. Ndinkawafunsa zimene amafuna kawirikawiri, iwo n'kumanena m'mawu awo: kufunsa munthu nambala, kubwereza chinthu kambirimbiri, kusunga zimene walemba kuti mawa uzipeze, kumvetsa chimene kompyuta ikudandaula ikakana. Chilichonse ndinachipatsa mzere wake, ndi muvi kutsogolo, ndi chiganizo chonena kumene ukupita ndi zimene ukapeze. Atate anaumirira kuti chiganizocho chikhale patsogolo pa liwu la buluu, osati pambuyo, pakuti chikwangwani chimawerengedwa dzanja lisanafike pa valavu. Mphunzitsi anandionetsa mmene ndingachitire kuti liwu lililonse lizifikira pandime yeniyeniyo, osati pamwamba pa tsamba, komanso kuti lizitseguka pawindo lakelake, tsamba langa n'kutsala pomwepo likudikira. Zoyambira ndinazipaka zobiriwira, monga mapaipi amadzi, zovuta n'kuzipaka zachikasu.

Tsiku loliyesa, atate anawerenga mzere woyamba kawiri. Anadina. Ndime imene ankafuna inatuluka. Anaiwerenga, anatseka windo, n'kupeza tsamba langa lili pomwe analisiya. Anangondigwira paphewa ndi dzanja lawo lokhakhala lija, maso ali pagalasi.

Pasanapite nthawi, mayi wina wogulitsa nsomba za ku Chanyanya, amene ankaphunzira nawo, anapempha kuti tsambalo liikidwenso pakompyuta yake. Mphunzitsi analiika pa onse. Atate ankauza aliyense wolowa kuti analipanga ndi mwana wawo, mpaka ndinkabisa nkhope.

Mayeso anachitika masana, kukutentha. Ankaloledwa kuyang'ana zofotokoza, koma ine sanandilole kulowa. Ndinaima panja, kusuzumira pamagalasi a windo. Ndinaona atate akutsata mivi yanga umodziumodzi, n'kumalemba. Kenako anaima. Chimene ankafuna sindinachiike patsamba langa. Chinali mkati mwa ndime ina, liwu la buluu lopanda muvi, lopanda chikwangwani. Dzanja lawo linachoka pa mausi n'kupita pabondo, ndipo ine ndinaona makatoni aja m'maso mwanga.

Anawerenganso chiganizo chonse chozungulira liwulo, pang'onopang'ono. Dzanja linabwerera. Anadina, anawerenga, anabwerera okha, n'kupitiriza kulemba.

Ndinakhala pansi pakhonde la tchalitchi. Ndinasangalala, koma munalinso kanthu kena mumtima, kofanana ndi kamene amayi anati anamva tsiku limene ndinakana kuti andiperekeze kusukulu.

Anakhoza, osati pamwamba, koma anakhoza. Ntchito yeniyeni inachedwa kubwera. Anayamba ndi kuthandiza pa shopu ina ya zitsulo za magalimoto, kuwalembera kapulogalamu kosunga katundu, masiku ena okha. Ndalama zake zinakwana kuti tikhale, ndipo ine ndinalemba mayeso anga m'Kafue momwemo.

Tikutuluka tsiku la mayeso lija ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji kumene liwulo likupita. Anati sanadziwe bwinobwino, koma njira yobwerera ankaidziwa.

Makatoni anakhalabe pansi pa bedi mpaka mvula itayamba. Kenako amayi anatulutsa limodzi, analiboola timabowo, n'kuikamo anapiye.