Wosambitsa Maliro wa ku Chipoka

Mayi Hasina a ku Chipoka ankagulitsa usipa wouma, koma anthu ankawadziwa ndi ntchito ina. Mzimayi wa Chisilamu akamwalira, iwo ndi amene ankasambitsa thupi n'kuliveka sanda, nsalu yoyera yoikira maliro. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo.

Chaka chimene kolera inavuta m'mbali mwa nyanja, mng'ono wawo Nafisa anadwala. Anamugoneka mu tenti kuseri kwa chipatala, ndipo sanatulukemo wamoyo. Thupi linabwera m'thumba la pulasitiki lomata, likununkha kulorini. A zaumoyo anakana kuti litsegulidwe. Mayi Hasina anangoima patali ndi ndowa ya madzi ofunda mpaka madziwo anazizira.

Anthu ataona zimenezi anayamba kubisa odwala m'nyumba. Ankati bola kufera pamphasa kusiyana n'kuikidwa ngati katundu. Maliro anachuluka.

Ndiye boma linasonkhanitsa anthu amene kale sankakhalira pamodzi: a zaumoyo, a zamadzi, a zausodzi, aphunzitsi, mashehe ndi abusa, onse pa ntchito imodzi yothetsa kolera. Ankakumana m'kalasi ana akaweruka. Ena anatenga za mijigo, ena za zimbudzi pa doko, ena za katemera wa asodzi opita ku chilumba cha Mbenji. Za maliro zokha aliyense ankazizemba.

Tsiku lina namwino wa m'gululo, Mayi Scholastica, anafika pakhomo pa Mayi Hasina.

"Mayi, tithandizeni. Anthu akutithawa."

"Si inu munandikaniza kugwira mng'ono wanga?" anafunsa Mayi Hasina.

"Ndine ndithu. Ngakhale lero sindingakuloleni. Koma sanda mutha kuveka pamwamba pa thumba, mutavala magolovesi, n'kuchita pemphero la dua. Ashehe avomera."

Mayi Hasina anayang'ana zikhatho zawo. Kenako analowa m'nyumba kukatenga mpango.

Kuyambira pamenepo ankakwera nawo galimoto ya boma, mudzi ndi mudzi. Achibale akawaona, mitima inkatsika. Zitseko zinayamba kutseguka, odwala n'kumapita ku tenti msanga. Mvula itasiya, matenda anazilala, gulu lija linabalalika, aliyense n'kubwerera ku ofesi yake.

Koma akazi onse amene anawaveka sanda chaka chimenecho Mayi Hasina sanawaone nkhope. Ankangomva mapewa ndi mapazi kudzera m'pulasitiki. Mtima wawo mpaka lero sukhulupirira kuti akaziwo, ngakhale Nafisa yemwe, anapitadi.

Posachedwapa pamsika anaona mzimayi wa chitenje chobiriwira akuyenda mokoka mwendo pang'ono, ngati mmene ankayendera Nafisa. Anasiya usipa wawo pamphasa n'kumutsatira, akuitana dzinalo motsitsa mawu. Mzimayiyo atacheuka, anali mlendo wa ku Chitala wodzagula nsomba.

"Pepani, ndinakufanizani," anatero Mayi Hasina.

Mlendoyo anafunsa njira ya ku doko. Mayi Hasina anamuperekeza mpaka kumadzi, iwo akuyenda pambuyo kuti azionabe kayendedwe kake.